Tinkabwerera pa Mtengo wa Mango

Kwathu mlendo sachoka yekha. Akatsanzika umamunyamulira kathumba kake, n'kutuluka naye pakhomo mukumalizitsa nkhani zimene zinatsala pamphasa. Koma kuperekeza kuli ndi malire ake. Mudzi wathu uli m'mphepete mwa nyanja kumunsi kwa Benga, ndipo njira yopita ku msewu wa tala imadutsa pa mtengo wina wa mango, waukulu, wa zipatso zowawasa zoti ngakhale ana anjala amaluma kamodzi n'kutaya. Pamenepo ndiye pobwerera. Amayi anga ankabwerera pamenepo, ine ndinakula ndikubwerera pamenepo, moti miyendo yanga ikafika pa mango uja imaima yokha osaiuza. Kutsogolo kwake kuli dambo la mpunga la anthu a mudzi wakumtunda, ndipo pakati pa dambolo pamadutsa kamtsinje kokhala ndi ulalo wa mitengo.

Chaka chimene mwana wanga wachisamba, wamkazi, anasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera ya kumsewu, ndinaimba nthungululu mpaka mawu anandithera. Ine sukulu ndinailekeza ku pulayimale, ndipo moyo wanga wonse wakhala wa usipa pa thandala ndi khasu m'matope. Ndiye kuona mwana wa m'mimba mwanga atavala siketi ya yunifomu ndi malaya oyera, ndinkayenda ngati mudzi wonse ndi wanga. Bambo ake, omwe ndi msodzi, ndi munthu woti mawu amawasunga ngati mafuta a injini. Anayang'ana yunifomuyo, anayang'ana kumtunda, n'kungoti, "Kutali."

Ndinawaseka. Ndinati munthu wopalasa mpaka pakati pa nyanja angaope mtunda woyenda pansi? Iwo anapitiriza kusoka ukonde wawo.

Teremu yoyamba isanathe, kuseka kunandithera. Tsiku lina masana, nthawi ya dzuwa loswa mtengo lija, mtsikana wa nyumba yoyandikana nafe anafika akuthamanga, malaya atang'ambika paphewa, nsapato imodzi palibe. Anyamata ena, mwa aja amanyamula nsomba za amalonda pa njinga kupita nazo kumsewu, anali atazolowera kukhala m'mbali mwa njira n'kumaitana ana a sukulu. Poyamba kunali kuimba likhweru ndi zoti "tikukwezeni ulere, achemwali." Tsiku limenelo mmodzi anamugwira mkono n'kuyamba kumukokera kutchire, ndipo mwanayo anapulumuka chifukwa anamuluma. Makolo ake sanadikire china. Anamusiyitsa sukulu, ndipo mvula isanagwe anali akuthandiza amake kuviika chinangwa.

Madzulo a tsikulo bambo a mwana wanga analankhula mawu ambiri kuposa amene ndinawamvapo chikwatirane. "Inu amayi, mundimvetse. Mwana uyu ndimamufuna wamoyo ndi wathunthu, setifiketi siingandibwezere mwana. Ndikadzangomva kanthu kena panjirapo, kaya kakang'ono bwanji, sukulu yathera pomwepo."

Ndinakwiya, koma pansi pa mkwiyowo panali mantha omwewo amene iwo anali nawo. Ndimawadziwa amuna anga. Akanena, anena.

Ku sukulu anaitanitsa msonkhano wa makolo, ndipo tinadzaza kalasi mpaka ena kusuzumira pa mawindo. Aliyense anabwera ndi chake. Wina ankafuna mpanda wa njerwa, wina mlonda wachiwiri poti amene analipo anali wokalamba, wina ankadandaula za anthu ogulitsa zinthu amene ankangolowa pabwalo la sukulu ngati mumsika. Ahedi anatimvetsera mpaka tinatopa tokha, kenako anati za mpanda ndi geti azisamala iwo pamodzi ndi komiti. "Koma makolo anzanga," anatero, "ine maso anga amathera pa geti. Mwana akatuluka m'nyumba mwanu mpaka kufika pano, ali m'manja mwa ndani?"

Ndiye kunaimirira mayi wina wa mudzi wakumtunda, wamtali, atafunda mpango wobiriwira kumutu monga amachitira anzathu a ku mzikiti. Ndinkamudziwa ndi maso chabe, chifukwa ankagulitsa zitumbuwa pamsewu ndipo nthawi zina ankandigula usipa akunenerera mtengo ngati akukangana ndi mdani. Anati amayi a kwawo amadzuka kale m'mawa chifukwa cha swala, mapemphero awo a m'bandakucha, ndiye akhoza kumachingamira ana a kunyanja pa mjigo wa kumapeto kwa mudzi wawo n'kuwafikitsa pa geti. Ine, poti pakamwa panga sipachedwa, ndinadzambatuka n'kunena kuti ife amayi a kunyanja tizisinthana kuwaperekeza mpaka pa mango. Anthu anawomba m'manja. Wina anafuula kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, tonse tinavomereza, n'kubalalika mitima ili m'malo.

Palibe amene anafunsa za dambo lija la pakati pa mango ndi mjigo. Sikuti tinaliiwala. Aliyense m'chipindamo ankadziwa chifukwa chake munthu wamkulu wa mudzi wina sadutsa m'minda ya eni m'bandakucha, ndipo zinthu zimene aliyense amazidziwa sizinenedwa pa msonkhano. Kwathu amakhulupirira kuti alipo anthu okhwima amene amayenda m'mawa m'munda mwa mnzawo mame asanakamuke, n'kukokera zokolola ku nkhokwe zawo ndi mankhwala. Mwana wa sukulu akhoza kudutsa, palibe amamuwerengera. Wamalonda wa pa njinga akhoza kudutsa, aliyense akuona dengu lake. Koma mayi wopanda katundu pamutu, wa mudzi wina, tsiku ndi tsiku dzuwa lisanatuluke? Ndili mtsikana, mayi wina wa kwathu anaonedwa m'dambomo akusaka mbuzi yake, ndipo chaka chimenecho mpunga unapserera. Dzina limene anamupatsa linamutsata mpaka kumanda. Ifeyo pa Sabata timaimba kutchalitchi, anzathu Lachisanu ali ku mzikiti, koma pa nkhani iyi tonse tinali a mpingo umodzi.

Kuperekeza kunayamba, ndipo kunakoma. Tinkatuluka kukungoyera, ana patsogolo, ife pambuyo titadzifunditsa zitenje, tikudya miseche ya mudzi wonse. Anyamata aja atationa anasowa panjira. Tikafika pa mango tinkati, "Muyende bwino, mukalimbikire," n'kuima pang'ono kuwayang'ana mpaka bango litawabisa, kenako n'kutembenuka. Masana wina ankapita kukawadikira pa mango pomwepo. Bambo a mwana anasiya kundiyang'ana ndi diso lija, ndipo ine ndinayamba kudzitama kuti amayi tikagwira nkhani siivuta.

Mvula inabwera, anthu anawokera mpunga, dambo linadzaza madzi. Cha m'mwezi wa Malichi, mpunga utayamba kuchita mimba, ndinayamba kuona kuti mwana wanga akabwera ku sukulu sakhalanso pakhonde kuvula nsapato monga kale. Ankalowa msanga m'nyumba n'kutuluka atamanga chitenje mpaka m'mapazi. Siketi ankachapa yekha tsiku lililonse, chonsecho ndi mwana amene kale kuchapa ndinkachita kumukokera. Ndinayamba kuganiza zina, zimene mayi aliyense wa mtsikana amaganiza, ndipo chakudya chinasiya kundikomera.

Tsiku lina akupeta ufa wa kondowole, chitenje chinamasuka. Miyendo yake kuyambira m'maondo kutsika inali ndi timabala tozungulira, tina touma, tina tikadali tofiira. Munthu wolima mpunga safunsa kuti chimenecho n'chiyani. Inali misundu.

"Iwe, misundu imaluma munthu woyenda panjira?"

Anakokera chitenje kuti abise miyendo. Ndinafunsanso, mokweza, poti ine ndikachita mantha ndimakalipa. Ndiye analira n'kundiuza zonse. Anyamata aja sanathawe konse. Anangoona pamene ife timabwerera ndi pamene amayi akumtunda amadikirira, n'kusamukira pa ulalo, pakati penipeni, pamene bango limabisa munthu kumbali zonse. Ankakhala pa mitengo ya ulaloyo moti mwana kuti adutse ankayenera kupempha njira, ndipo ena ankawagwira masiketi. Atsikanawo anapangana okha. Akangobisika kwa ife ankavula nsapato, kupinda masiketi, n'kulowa m'minda ya mpunga, kukawoloka kamtsinje kumunsi madzi akufika m'chiuno, mabuku ali pamutu. Kamtsinje kameneko nthawi ya dzinja ng'ona zimakwera kuchokera kunyanja, ndipo iwo ankadziwa.

"Bwanji sunandiuze?"

"Mukanawauza ababa," anatero. "Amayi, chonde musawauze. Ndikufuna sukulu. Bola misundu."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa mabalawo. Tinkadzitama kuti tikuteteza ana athu, pamene ana akusankha pakati pa ng'ona ndi anthu, n'kumatibisira kuti tingawalande sukulu. Ndinamupaka mafuta m'miyendo. Mumtima ndinkawerenga njira zanga, ndipo zonse zinali zowawa. Ndikawauza bambo ake, sukulu yatha. Ndikakhala chete, tsiku lina adzabwera mnzake yekha kudzandiuza kumene madzi amutengera. Ndikadutsa mango, ndine mfiti.

M'mawa mwake sinali nthawi yanga yoperekeza, koma ndinapita. Titafika pa mango, amayi anzanga awiri anaima n'kuyamba kutsanzika ana. Miyendo yanga nayo inaima. Ndinaiyang'ana, ndinayang'ana miyendo ya mwana wanga, n'kuponda kutsogolo.

"Anzathu, mukupita kuti?" anandiitana mmodzi. "Mpunga wa eni uli ndi mimba uwo! Mukufuna akuyimbeni nyimbo?"

"Ayimbe," ndinatero. "Ine ndidzavina."

Ndinalankhula molimba mtima n'kupitirira. Ana anayenda pambuyo panga atathinana ngati anapiye. Titakhota pa bango ndinawaona, anyamata angapo atakhala pa ulalo, njinga atazigoneka m'mbali, wina akusuta. Sanali zilombo za nyanga. Mmodzi ndinkawadziwa amake, tinkagulitsa limodzi nsomba. Zimene ndinanena pamenepo sindingazilembe, chifukwa adzukulu anga adzawerenga. Ndinayambira pa agogo awo n'kutsika nawo mzere wonse. Anyamatawo anaimirira, wina akuseka mwamanyazi, wina akuti, "Amayi, ife tikungopuma," koma anakoka njinga zawo n'kupatuka.

Phokoso langalo linamveka kutali. Ana akuwoloka ulalo, ndinaona munthu akubwera mothamanga pa mzere wa munda, chikwakwa chili m'manja, mpango wobiriwira ukuuluka. Anali mayi wa zitumbuwa uja, ndipo munda wa pafupi ndi ulalowo unali wake. Kumbuyo kwake mitu ina inali itayamba kutuluka mumpunga, anthu amene analawirira kudzaona madzi m'minda mwawo.

"Amayi inu," anatero akupuma mwamphamvu, "m'munda mwanga m'mawa uno mukufunamo chiyani? Tinapangana kuti muzibwerera pa mango!"

Ndinagwira mwana wanga paphewa, kumutembenuza, n'kumutsitsa masokosi. Kenako ndinaitana mnzake, ndi mnzakenso. Onse miyendo inali chimodzimodzi. Ndinamuuza mayiyo kumene anawa akhala akudutsa, ndi chifukwa chake.

Anayang'ana miyendo ija nthawi yaitali. Chikwakwa anachiika pansi.

"Mulungu atikhululukire," anatero chapansipansi. "Ine ndinkaona mapazi m'matope mwangamu, mpunga utagwa m'mbali, ndiye ndimati alipo amene akundiyendera. Ndinafika mpaka pokawauza a shehe. Kani ndi ana?"

"Ndi ana. Ine ndimati mukamawadikira pa mjigo mumaona mpaka pa ulalo."

"Ine ndimati inu muli pa mango mumawaona mpaka pa ulalo."

Tinayang'anana, amayi awiri akuluakulu, aliyense ndi nzeru zake zimene anazisiya kunyumba. Anthu aja anali atayandikira, ndipo ndinkamva kunong'ona. Ndinadziwa kuti dzuwa likamafika pamutu nkhani ikhala itafika kumsika, ndipo ikafika ili ndi miyendo ina. Mayiyo nayenso anadziwa. Anawerama, anathyola ngala imodzi ya mpunga wake, yanthete, n'kundiika m'dzanja aliyense akuona. Kenako anakweza mawu ngati akuitanira malonda.

"Mwaona nonse? Ndawapatsa ndekha! Ngati mpunga wanga upite ku nkhokwe yawo, wapita ndi dzanja langa. Awa ndi achemwali anga, adutsa pano m'mawa ndi masana, ndipo amene ali ndi mawu abwere anene kwa ine."

Palibe anabwera. Mayiyo anandigwira dzanja, ndipo tinawaperekeza anawo limodzi mpaka pa mjigo. Amayi amene ankadikira pamenepo atationa tikutuluka m'dambo anatsegula pakamwa osatseka.

Pobwerera ndi pamene mayi wa zitumbuwa uja anandiuza maganizo ake. Mpunga ukangoyamba kucha, mabanja onse amamanga nsanja m'minda, ndipo kuyambira m'bandakucha mpaka madzulo pamakhala munthu pamwamba akukoka zingwe za zitini ndi kukuwa kuingitsa mbalame. Aliyense amamanga nsanja yake pakati pa munda wake. "Nanga tikazimanga m'mbali mwa njira?" anatero. "Mbalame sizidziwa kusiyana kwake. Munthu ali pamwamba amaona ulalo, amaona bango, amaona zonse. Takhala tikulondera mpunga kuposa ana."

Panatsala bambo a mwana. Ndikanatha kubisa, koma nkhani ya mkazi wawo m'dambo la eni ikanawapeza asanatsike m'bwato. Ndinawadikira adye, apume, atenge ukonde wawo. Ndiye ndinakhala pansi pafupi nawo n'kuwauza zonse, za ulalo, za misundu, za ng'ona, ndi mawu a mwana aja oti bola misundu. Mwanayo anali kuseri kwa chitseko, ndinkamva kupuma kwake.

Anasiya kusoka. Kenako anamuitana, namuuza kuti awaonetse miyendo. Anaigwira ndi zala zawo zokhakhala zija, bala lililonse palokha.

"Unkaopa ine kuposa ng'ona?" anafunsa.

Misozi ya mwanayo inkangotsika. Bambo ake anaimirira n'kulowera kunyanja osanena kuti sukulu ipitirira kapena yatha.

M'mawa mwake mwana anavala yunifomu mwakachetechete, akuyembekeza kuti amuletsa pakhomo. Bambo ake panalibe. Tinawapeza pa mango, atasenza mitengo ya bulugamu imene ankasungira denga la khitchini yanga, chingwe cha ukonde wakale chili m'khosi. Ndinawafunsa kumene akupita ndi denga langa.

"Ndamva kuti kumtunda mbalame zavuta," anatero osandiyang'ana, n'kudutsa mango uja ngati sanauonepo chibadwire.

Nsanja yoyamba anaimanga iwo pamodzi ndi amuna a mayi wa mpango wobiriwira, pafupi ndi ulalo penipeni. Ena anatsatira, ndipo pofika nthawi yoti mpunga wafiira, njira yonse ya m'dambo inali ndi nsanja uku ndi uku, zitini zikulira, anthu akukuwa. Ana ankadutsa pakati pa phokosolo akupatsidwa moni kuchokera m'mwamba. Ifenso a kunyanja tinayamba kukwera nawo pa nsanjazo kuthandiza kuingitsa mbalame, ndipo pokolola ankatipatsa kampunga ka m'mbale. Amene ankaopa kuti tiwakokera mpunga anayamba kutipatsa okha. Atakolola, nsanja ya pa ulalo sanaiphwasule. Inasanduka pokhalira amayi operekeza, a mbali zonse ziwiri, ndipo mnzanga uja anayamba kugulitsirapo zitumbuwa.

Sindinganene kuti dziko linayera. Anyamata aja nkhani yawo inapita kwa apolisi a m'mudzi, ena anasintha, ena anangosamukira kwina kumene kulibe nsanja. Mpanda wa sukulu unatenga zaka kuti uthe. Mtsikana woyandikana nafe uja sanabwerere ku sukulu, ndipo ndikamuona lero ali ndi mwana kumsana, mtima umandiwawabe. Alipo mpaka pano amene amati chaka chimene mpunga wanga unachita bwino akudziwa chifukwa chake. Ndimawapatsa moni mwaulemu n'kuwafunsa ngati akufuna mbewu.

Mwana wanga anafika fomu folo. Tsiku loyamba la mayeso ake omaliza kunali mphepo ya mwera, kozizira, ndipo ndinamuperekeza ndekha. Tinadutsa mango, tinadutsa ulalo, mnzanga anatsika pa nsanja n'kumuika chitumbuwa chotentha m'thumba akuti, "Inshallah ukhoza, mwanangu." Tinadutsa mjigo, tinawoloka msewu wa tala, mpaka pa geti. Miyendo yanga, imene inali itaiwala kuima, inafuna kulowa naye.

Anatembenuka. Anali atatalika kundiposa, ndipo pamwamba pa masokosi ake timabala tija tinali tikuonekabe pang'ono, tating'ono, takuda.

"Amayi," anatero akumwetulira, "bwererani pano. Kuno ndipita ndekha."

Ndinamupatsa chikwama chake chimene ndinamunyamulira njira yonse, monga timachitira ndi mlendo wolemekezeka. Ndinaima kumuyang'ana mpaka analowa m'kalasi, ndipo nditatembenuka kubwerera ndinali ndikulira, koma sindinkaopa kanthu.